Mayi Amene Anabzala M'fumbi

Panali mayi wina kuchigwa cha Bwanje, dzina lake Nangondo. Munda wake unali wa makande, dothi lakuda lija loti likauma limachita ming'alu yolowa dzanja, likanyowa limakuvula nsapato. Munda umenewo anamusiyira ndi amayi ake. Mwamuna wake, Kamwaza, anali mkamwini pamudzipo.

Chaka chimene ndikunenachi chinadza pambuyo pa chaka cha mbozi. Mbozi zinadya, dzuwa linamalizitsa. Nkhokwe inayera mwezi wa Ogasiti usanathe, ndipo banjalo linkagonera gaga ndi mango owiritsa. Chinthu chimodzi chokha Nangondo anaikaniza njala: zimanga zamakolo makumi anayi, zomangidwa ziwiriziwiri ndi makoko ake, zili lende kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa anankafumbwe. Imeneyo inali mbewu. Ina kunalibe, ndipo kokapempha kunalibe, chifukwa mbozi sizinasankhe munda. Mbewu imeneyo ikanalowa m'nthaka n'kufa, ndiye kuti chaka chonse chafa.

Tsono Kamwaza uyu, paunyamata wake, anagwirapo ntchito pa kabwalo kena ka ndege. Musaganize kuti ankaulutsa ndege, ayi, ankasesa. Koma ankasesa mu ofesi ya anthu oyeza nyengo, ndipo tsache silitseka makutu. Zaka khumi ndi zisanu akusesa, akumvetsera, akufunsa. Pobwerera kumudzi sanabwere ndi njinga kapena malata. Anabwera ndi mawu amene anaseketsa mudzi wonse, akuti mpweya umalemera.

"Mpweya uli pamwamba pathuwu ndi katundu," ankatero. "Tinausenza tsiku lobadwa, n'chifukwa chake sitiumva. Masiku ena umalemera, masiku ena umapepuka."

Anatenga botolo lalikulu la khosi lalitali, n'kulizondotsa m'kambale ka madzi, kukamwa kwake kuli m'madzimo, madzi ena atakwera m'khosi. Analimangirira pakona yozizira, kuseri kwa mtsuko, kumene dzuwa silifika. Pakhosi la botololo anamangapo ulusi wofiira. Mpweya wa kunja ukalemera, unkapsinja madzi a m'mbale, madziwo n'kukwera kupitirira ulusi. Ukapepuka, madzi ankatsika. Ankaliona m'mawa mokha, dzuwa lisanatenthe, chifukwa kutentha kumalinamiza botolo.

Anthu ankati mkamwini wa kwa Nangondo wayamba kuombeza ula. Nangondo naye poyamba ankaseka. Koma chinthu ukagona nacho nyumba imodzi, umatopa kuchiseka. Tsiku lina anafunsa.

"Inu bambo a Tereza, botolo lanuli ndi mvula zikugwirizana pati?"

Kamwaza anakondwa ngati wapatsidwa nkhuku, pakuti kwa zaka zonsezo panalibe amene anamufunsapo.

"Mphepo siyenda chisawawa, amayi. Imachoka kumene mpweya walemera, kupita kumene wapepuka, monga anthu a m'chipinda chodzaza amakankhanira kumene kuli malo. Chilimwe chonse chino kummwera n'kolemera. N'chifukwa chake kumaomba mwera, wozizira, wouma, wopanda kanthu m'manja. Koma dzuwa likaphika chigwa chino masabata ambiri, mpweya wa kuno umapepuka n'kukwera kumwamba. Pamenepo malo apezeka. Mphepo ya kumpoto, yofunda, yosenza madzi, imabwera kudzakhala pamalopo."

"Ndiye mvula ndi ya mpoto?"

"Mpoto payekha sagwetsa mvula ya mlimi. Mwera payekha ayinso. Mvula ili pamalire pamene awiriwa akumana. Sasakanikirana msanga. Wozizira amalowa pansi, wofunda amakwera pamsana pake. Akafika kumwamba kozizira, madzi aja sangawagwirenso, amawataya. Malire amenewo akaima pamwamba pa munda wanu, imeneyo ndi mvula ya sabata."

Kuyambira tsiku limenelo, Nangondo potunga madzi mumtsuko m'mawa, diso lake linkapita pa ulusi uja.

Kumapeto kwa Okutobala, masana ena, mtambo umodzi unadzuka paphiri, unada bii, unagunda. Mvula inagwa yamphamvu, ya ola limodzi. Fungo la dothi lija mumalidziwa, loti ngakhale wodwala msana amafuna kuvina. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali pamphasa kutong'ola mbewu.

Tonsefe timaidziwa mvula imeneyi. Makolo anaitcha chizimalupsa, yozimitsa moto wa tchire, ndipo anati sabzalira. Koma njala imaiwalitsa malangizo. Munthu amene wagonera gaga miyezi iwiri amafuna chimanga chake chiyambe kukula dzulo. Ndipo kunena zoona, mvulayo inali yambiri ndithu. Ukapisa dzanja m'mzere, chinyezi chinkafika m'chikhatho chonse.

M'mawa mwake Nangondo anakwera pampando kuti atsitse zimanga zija. Kamwaza anaima pakhomo.

"Amayi, mbewu ndi yanu, munda ndi wanu. Ine ndingokupemphani muone zinthu ziwiri musanamasule."

Nangondo anasuzumira kuseri kwa mtsuko. Madzi anali pamwamba pa ulusi, pamene anali dzulo ndi dzana. Anatuluka panja n'kuyang'ana utsi wa khitchini. Utsi unkaweramira kumpoto. Mwera anali akadali mwini bwalo.

"Ija inali mvula ya kutentha kwa tsiku limodzi," anatero Kamwaza. "Mtambo wosokera. Kumbuyo kwake kulibe mnzake."

Nangondo anabweza mpando pamalo pake, zimanga zikadali kudenga.

Masana kunabwera Filimoni, mlongo wake wa Nangondo, mwini mbumba, khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo.

"Achemwali, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mudzi wonse uli kumunda, inu muli pakhonde kudikira botolo? Alamu, ngati khasu lakulemerani nenani, tikuthandizeni."

Mawu amenewo kwa mkamwini ndi mbama. Kamwaza anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu," n'kuyang'ana pansi.

Patapita masiku asanu, minda yonse inati biriwiri. Kumanja kobiriwira, kumanzere kobiriwira, pakati munda wa Nangondo uli bii ngati pootchera makala. Abale anga, zimapweteka. Popita kumjigo ankadutsa m'minda ya anzake, mtima ukumuwawa ngati wauponda. Amayi anzake ankamulonjera mwaulemu wonse, "Mwadzuka bwanji, nanga botolo ladzuka bwanji?" Akangotembenuka, kuseka kunkaphulika kumbuyo. Pofika kunyumba mkwiyo wonse ankautula pa mwamuna wake.

"Tikafa ndi njala, botolo lanulo ndi limene lidzakumbe manda."

Koma Nangondo, ngakhale anali wokwiya chotere, mbewu sanaitsitse. Panalibe amene anamugwira dzanja. Kungoti m'mawa uliwonse maso ake omwe ankaona madzi ali pamwamba pa ulusi, utsi ukuweramira kumpoto, ndipo munthu sakangana ndi maso ake.

Kenako dzuwa linabwerera. Sabata yoyamba chimanga cha anthu chinkafota masana n'kudzuka m'mawa. Sabata yachiwiri chinapinda masamba, osadzukanso. Sabata yachitatu ukachigwira chinkangofumbutuka. Musaseke, inu. Anthu amenewo sanali zitsiru, anali ndi njala. Filimoni ankayenda m'mizere yake manja ali kumbuyo, ngati munthu wobwera kumaliro. Mbewu yake yonse inali m'menemo.

Kumjigo kuseka kunatha. Koma Nangondo sanakondwe. Ndani angakondwe munda wa mlongo wake ukupsa? Ndipo mantha ena anamulowa: nanga mvula ikapanda kubwera n'komwe? Anthu ena anayamba kunong'ona kuti botolo la mkamwini ndi limene lamanga mvula. Pamene pali njala, lilime silisowa womunamizira.

Masiku omwewo kunabwera uthenga wa zovuta. Mkulu wake wa Kamwaza anamwalira kwawo ku Neno, kumapiri kumene foni sigwira. Maliro a mkulu wako sutumiza munthu. Kamwaza anamanga kathumba kake.

"Nanga mvula ikafika muli komweko?" anafunsa Nangondo.

"Makande mukuwadziwa kuposa ine, amayi. Mvula yeniyeni ikayamba, m'mundamo simulowa mpaka masabata awiri, khasu limangonyamula matope. Mvula iyenera kuipeza mbewu ili kale m'nthaka. Koma mukafulumira kwambiri, mbewa ndi chiswe zikuthokozani."

"Ndiye ndidziwa bwanji ine?"

"Botolo mukulidziwa. Mumayesa sindikuonani?"

Anapita. Nangondo anatsala yekha ndi zimanga makumi anayi.

Atangopita, mwera analeka. Kunja kunangoti zii. Tsamba la mango osagwedezeka. Kunatentha kutentha kwina, kosiyana ndi kwa masiku onse, koti ukangosamba thukuta layambanso. Nkhuku zinkagona pansi pa nkhokwe mapiko ali tambasu, kukamwa kuli yasa. Anthu ankapuma movutika, ankakwiyirana popanda chifukwa. Aliyense ankati, "Basi, kumwamba kwatsekeka. Chaka chino chapita."

M'mawa woyamba Nangondo anapeza madzi atatsika kufika pa ulusi penipeni. Anati mwina maso. M'mawa wachiwiri anali pansi pa ulusi, mpata wa chala chimodzi. M'mawa wachitatu zala ziwiri. Anapita kukakoleza moto, ndipo potapa mchere m'kachitini anapeza wagwirana, wanyowa, pamene chilimwe chonse unali wouma ngati mchenga. Anatuluka panja. Utsi unakwera chilili, kenako pang'onopang'ono unayamba kuweramira kummwera, cha ku Balaka. Kumwamba kunalibe mtambo wa mvula ngakhale umodzi, koma timizere toyera, topyapyala, kutali kwambiri, tochokera kumpoto.

Anakhala pakhonde n'kuziika zinthuzo pamodzi, yekha ndi mtima wake. Madzi atsika, ndiye kuti mpweya wa kuno wapepuka. Wapepuka, ndiye kuti malo apezeka. Mchere wanyowa, utsi watembenuka, ndiye kuti wosenza madzi uja wayamba kulowa. Mwera sanapite kutali, abweranso. Akabwera apeza mlendo pamalo pake.

Koma kudziwa ndi kwina, kumasula mbewu ndi kwinanso. Akalakwa, panalibe womunamizira. Mwamuna kunalibe. Anaima pansi pa zimanga zija nthawi yaitali. Kenako anakoka mpando, anakwera, anadula luzi.

Dzuwa lili paliwombo, Filimoni anamupeza kumunda. Fumbi linali koboo, dothi likutentha mapazi, iye akukumba mapando, lichero la mbewu lili pambali.

"Achemwali, mwapenga? Mvula itagwa munakana kubzala. Lero kuli ng'amba yotereyi mukukwirira chakudya m'phulusa? Bola mukagayitse, mudye sabata imodzi ngati anthu."

Mawuwo anamulasa, chifukwa m'mimba mwake munalibe kanthu kuyambira dzulo. Anatsamira khasu.

"Achimwene, nkhanga zinapangana kusanapse. Nyambitani chala, mukweze m'mwamba, mundiuze mbali imene chazizira."

Filimoni anatsonya. Koma anakweza.

"Cha kumpoto. Ndiye n'chiyani?"

"Miyezi isanu ndi umodzi chakhala chikuzizira cha kummwera. Lero chatembenuka. Mphepo ziwirizi zikumana pamwamba pa chigwa chino, mawa kapena mkuja. Zikakumana, m'munda muno simulowanso munthu."

"Zimenezo akuuzani ndi alamu?"

"Anandiuza chifukwa chake. Kuona ndaona ndekha."

Filimoni anapukusa mutu n'kuyamba kuchoka. Anayenda mizere khumi, anaima. Anayang'ana munda wake wopsa, anayang'ana mlongo wake atawerama yekha padzuwa. Paja chibale ndi fupa, sichiola. Anabwerera n'kumulanda khasu.

"Bweretsani kuno. Anthu asadzanene kuti ndinakusiyani mukupenga nokha."

Iye ankakumba, Nangondo ankaponya zitatuzitatu n'kukwirira ndi phazi. Odutsa m'njira ankaima, kugwira pakamwa. Wina anafuula kuti misala ya m'banja imeneyo yafalikira. Awiriwo sanadzutse mutu. Anabzala mpaka dzuwa kupendeka, m'mawa mwake analawira, ndipo pofika nthawi ya kadzutsa lichero linali mbee.

Tsiku limenelo silinagwe dontho. Nangondo polowa m'khitchini anayang'ana kudenga, pamene panali zimanga panangotsala tiluzi tili lende. Anakhala pansi n'kulira. Anaopa, abale anga, anaopa zedi. Chilichonse chimene anali nacho chinali m'fumbi, ndipo kumwamba kunali koyera.

Mawa lake kunacha chimodzimodzi. Kutentha kunafika poti ngakhale agalu analeka kuuwa. Nangondo anapita kumunda kukathamangitsa nkhanga, n'kukhala pachulu. Dzuwa litangopendeka, anaona kumpoto mitambo itaima ngati khoma, kuyambira kuphiri mpaka kumene maso amalekezera. Siunali mtambo umodzi wosokera. Unali mzere wathunthu. Akuyang'ana choncho, kamphepo kozizira kanamuomba kumsana, kochokera kummwera. Fumbi linazungulira m'mizere, losadziwa kolowera. Mitambo ija inayamba kutupa, kukwera, kuda kunsi kwake.

"Akumana," anatero Nangondo, yekhayekha pachulu paja.

Dontho loyamba linamugwera padzanja. Sanathawe. Anayenda pang'onopang'ono kupita kunyumba, mvula ikumusambitsa, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Sinali mvula yaukali ngati yoyamba ija. Inagwa modekha, tsiku lonse, n'kupumira, n'kuyambanso. Masiku anayi. Makande anamwa, ming'alu inatsekeka, munda unasanduka phala loti ngakhale mbuzi sinayerekeze kupondamo. Amene anali atapeza timbewu kwa achibale akutali anangoima m'mphepete, makasu m'manja, kudikira kuti kuume. Mbewu ya Nangondo inali kale m'kati, ikumwa.

Kamwaza anabwerako tsiku lachisanu ndi chiwiri chiyambireni mvula ija. Sanayambe wafika kunyumba, anadzera kumunda. Anapeza mizere yonse yalasa, phando lililonse zitatu, palibe lolephera. Anavula chipewa. Nangondo anamupeza pomwepo.

"Mwayenda bwanji, bambo a Tereza?"

"Ndayenda bwino, amayi. Munabzala liti?"

"Lachiwiri, m'fumbi."

"Ine ndikanadikira Lachitatu," anatero Kamwaza, "ndipo munda wotere sindikanaumaliza."

Chimanga chitafika masamba atatu, Nangondo anatuma mawu kwa mlongo wake kuti abwere ndi beseni. Nthaka inali ikadali yonyowa. Paphando lililonse anazulapo chimodzi, ndi dothi lake lomwe, n'kusiya ziwiri. Filimoni anasenza mabeseni tsiku lonse, kukaokera m'mizere yake yopsa ija. Potenga beseni lomaliza anangoti, "Alamu, tsiku lina mudzandionetseko ulusi uja." Chimanga chookera sichibereka ngati chobzala, koma chimabereka. Chaka chimenecho nyumba zonse ziwiri zinaotcha dowe, ndipo zonse ziwiri zinapachika mbewu kudenga.

Tsono inu amene mwakhala apa, mverani. Pali mvula imene imabwera ndi phokoso, aliyense n'kuthamanga. Musanatsitse mbewu yanu yokhayo, funsani chimene chili kumbuyo kwa mtambowo, ndipo funsani mpaka mumvetse chifukwa chake, pakuti amene anakuphunzitsani sadzakhalapo tsiku losankha. Palinso masiku amene kunja kumangoti zii, kupuma kumavuta, ndipo aliyense amati kumwamba kwatsekeka. Nthawi zambiri masiku amenewo ndi pamene malo akukonzedwa. Ena a inu muli m'tsiku lotero lero lino, ndikukuonani nkhope. Musagayitse mbewu. Yang'anani bwino kumene mphepo yalowera, ndipo ngati yatembenuka, tengani khasu, musadikire dontho loyamba.